Kujambula Pothira Penti: Luso Lolandira Ngakhale Dzanja Lonjenjemera

Mwa anthu amene timawayendera m'makomo muli agogo ena amene kwa zaka zambiri ankadziwika ndi madoyilo. Nyumba zambiri za mzere wawo zili ndi doyilo yoluka iwo, ndipo atsikana osawerengeka anaphunzira kugwira singano pakhonde pawo. Chaka chatha anadwala sitiroko. Anachira ndithu, akuyenda ndi ndodo ndipo akulankhula bwinobwino, koma dzanja lamanja linatsala lofooka ndiponso limanjenjemera. Tsiku lina tikuwayeza BP anatiuza kuti, "Ana anga, mankhwala ndikumwa, masewera a dzanja ndikuchita, koma tsiku likumanditalikira. Manja angawa anazolowera kutulutsa kanthu."

Mawu amenewa tinabwerera nawo kunyumba. Tili ndi makina oyezera BP, tili ndi malangizo okhudza mchere, mafuta ndi kuyenda m'mawa, koma pa vuto la tsiku lotalika tinalibe chonena. Amene anatitsegula maso ndi mdzukulu wawo wa Fomu 3. Anationetsa kanema pa foni: munthu wathira mitundu ingapo ya penti m'kapu imodzi, wavundikira kapuyo pa thabwa, waitukula, kenako akungopendeketsa thabwalo uku ndi uku mpaka penti wafika m'mbali zonse. Panalibe burashi kapena pensulo, koma chimene chinatuluka chinali chokongola ngati mwala wosalala wa mumtsinje. "Agogo, izi mungathe," anatero mtsikanayo. Agogowo anaseka n'kunena kuti kutaya zinthu ndiye ntchito imene akuitha bwino masiku ano.

Tinayesa. Chithunzi choyamba chinatuluka ngati matope a m'dambo. Chachiwiri chinayenderera usiku wonse n'kukathera pansi. Kuchokera pamenepo tawerenga, tafunsa ndiponso tawononga matabwa angapo, ndipo mwezi uno tikufuna kukugawirani zimene taphunzira. Tikudziwa kuti m'makomo ambiri muli wina amene tsiku likumutalikira: wodwala amene akuchira, kholo limene linapuma pa ntchito, kapena mwana amene anadziuza kale kuti iye sadziwa kujambula. Chachikulu chimene tapeza n'chakuti ntchito yonse yofuna kusamala imachitika penti asanathiridwe, ndipo imeneyo wina aliyense wa m'banja angathandize. Kuthira kwenikweniko sikufuna dzanja lokhazikika.

Kodi chithunzi chopanda munthu kapena nyumba n'chithunzi?

Ambirife tinaphunzira kusukulu kuti kujambula n'kufanizira chinthu: nyumba ioneke ngati nyumba, tambala ngati tambala. Amene tambala wake ankaoneka ngati bakha ankasekedwa, ndipo ambiri tinasiyira pomwepo. Koma pali mtundu wina wa zojambula, umene pa Chingerezi amati abstract art, umene sufanizira chinthu chilichonse. Umagwiritsa ntchito mitundu, mizere ndi maonekedwe basi, ndipo woonayo amamva zimene wamva. Ku Ulaya, mayi wa ku Sweden dzina lake Hilma af Klint anayamba kujambula zotere mu 1906, ndipo Wassily Kandinsky wa ku Russia anatchuka nazo patangopita zaka zochepa.

Kwathu kuno maganizo amenewa si achilendo. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zambiri mwa zojambula zofiira zakalekale kumeneko, zimene akatswiri amati zinajambulidwa ndi Abatwa kapena kuti Akafula, ndi mizere, madontho ndi zozungulira. Taganiziraninso chitenje chimene mumachikonda kwambiri. Nthawi zambiri simunachigule chifukwa chakuti pali chithunzi cha chakutichakuti, koma chifukwa mitundu yake inagwirizana ndipo inakukhalani bwino m'maso. Chithunzi chothira penti tizichiona ndi diso lomwelo.

Kumene kuthira penti kunachokera

Mu 1936, katswiri wina wa ku Mexico wojambula zithunzi zikuluzikulu za pamakoma, David Alfaro Siqueiros, anatsegula malo oyeserera njira zatsopano zojambulira mu mzinda wa New York ku America. Imodzi mwa njirazo inali yogoneka thabwa pansi n'kuthirapo penti wa mtundu wina, kenako kuthira mtundu winanso pamwamba pake, n'kusiya kuti mitunduyo ilowererane yokha. Iye ankati kumeneku n'kujambula kwangozi, chifukwa maonekedwe ake ankangochitika. Mmodzi mwa achinyamata amene ankagwira naye ntchito kumeneko anali Jackson Pollock, ali ndi zaka 24. Kuyambira mu 1947, Pollock ankayala chinsalu chachikulu pansi n'kumadontheza ndi kuwaza penti ndi ndodo akuyenda mochizungulira, ndipo anakhala mmodzi mwa ojambula odziwika kwambiri a ku America. Mu 1952, Helen Frankenthaler, mtsikana wa zaka 23, anasungunula penti mpaka kukhala wamadzimadzi n'kumuthira pa chinsalu chosapaka kanthu kuti alowerere mu ulusi. Chithunzi chake cha chaka chimenecho, Mountains and Sea, chinatsegulira njira ojambula ena ambiri.

Anthu amenewa ankagwiritsa ntchito penti wa galimoto, penti wa mafuta ndi mankhwala osungunulira penti a fungo lamphamvu. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe poyamba. M'zaka za m'ma 1950 kunayamba kugulitsidwa penti wa acrylic wosungunuka ndi madzi. Penti ameneyu ndi tizidutswa ta mtundu tosakanizidwa ndi tizidutswa ta pulasitiki toyandama m'madzi. Madziwo akauma, pulasitikiyo amagwirana n'kupanga chikopa cholimba chimene sichisungunukanso. N'chifukwa chake penti wa acrylic amachoka ndi madzi akadali wamuwisi, koma akauma pa malaya ndiye kuti malayawo asanduka a kumunda.

N'chiyani chimapanga timaso tokongolato?

Chimene chimakopa anthu ambiri pa zithunzi zothira ndi timaso tozungulira timene timatumphuka tokha, mtundu wina ukusuzumira mkati mwa unzake ngati zisa za njuchi. Pa Chingerezi amati cells. Mu 2015, Sandra Zetina ndi Roberto Zenit a pa yunivesite yaikulu ya dziko la Mexico anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa njira ya Siqueiros ija, ndipo anasonyeza kuti chinsinsi chake ndi kulemera kwa penti. Mungaone zimenezi kukhitchini kwanu. Ikani mafuta ophikira m'botolo n'kuthira madzi pamwamba: madzi, popeza ndi olemera, amatsika, ndipo mafuta amakwera. Penti wolemera akakhala pamwamba pa wopepuka zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti pang'onopang'ono. Wolemerayo amamira, wopepukayo amaboola n'kutulukira pamwamba ngati kadiso.

Penti woyera wopangidwa ndi titanium dioxide ndi mmodzi mwa olemera kwambiri, choncho akakhala pamwamba pa mitundu ina timaso timatuluka mosavuta. Ena amawonjezera dontho limodzi kapena awiri a mafuta a silicone mu mtundu uliwonse. Mafutawa sasakanikirana ndi penti wa madzi, ndiye pokwera pamwamba amakankhira penti pambali n'kusiya timaso. Amapezeka m'mafuta ena owalitsa tsitsi amene pa botolo palembedwa dimethicone. Koma musadandaule ngati mulibe. Zithunzi zambiri zimene tazikonda tinazipanga popanda dontho lililonse la silicone.

Zofunika poyamba

Simukufunika kugula zonse zimene mumaona m'makanema. Izi n'zokwanira:

Penti wa acrylic wa m'machubu kapena m'timabotolo, wopezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo za sukulu m'matauni. Yambani ndi mitundu itatu yokha, kuwonjezerapo woyera.

Guluu woyera wa matabwa, uja amagwiritsa ntchito akalipentala. Ndi amene amathandiza penti kuyenda popanda kufooka. Kunja kuli mankhwala opangidwira ntchito imeneyi, koma guluu amakwanira pophunzira, ngakhale kuti zaka zikapita angayambe kuoneka wachikasu pang'ono.

Pothirapo: kathabwa ka hadibodi kapena pulayiwudi, matailosi otsala kwa omanga, kapena kanivasi ngati mungaipeze. Kathabwa muyambe mwakapaka penti woyera wa madzi, uja wa pakhoma timati PVA, kawiri, kumaso ndi kumbuyo komwe kuti kasapindike, n'kukasiya kaume.

Makapu akale a pulasitiki kapena timabotolo todula pakati, timitengo tosakanizira, magolovesi, pepala lalikulu la pulasitiki loyala pa tebulo, ndi katoni yovundikirira.

Zitini kapena zivindikiro zinayi zofanana msinkhu, zokwezera thabwa kuti penti wosefukira azidontha pansi m'malo momata thabwalo ku tebulo.

Kusakaniza: apa ndi pamene pagona nkhani

Choyamba konzani madzi a guluu. Ikani magawo 7 a guluu ndi magawo 3 a madzi oyera m'botolo, n'kusakaniza mpaka zigwirizane. Kenako mtundu uliwonse ukhale ndi kapu yake. Pa gawo limodzi la penti ikani gawo limodzi kapena awiri a madzi a guluuwo, n'kutakasa pang'onopang'ono mpaka pasakhale zibuluma. Mukatakasa mwachangu ngati mukumenya mazira mulowetsa mpweya wambiri.

Kayezedwe kake ndi aka: tukulani kamtengo m'kapumo. Penti azitsika mosaduka ngati uchi wofunda, ndipo akagwera m'kapu azipanga kamulu kamene kakutha pa sekondi imodzi kapena ziwiri. Akamagwa mibulumibulu ngati phala lozizira, walimba. Onjezerani madzi theka la sipuni yaing'ono n'kuyesanso. Akamadontha ngati tiyi, wachuluka madzi, onjezerani penti. Musasungunule penti ndi madzi okhaokha, chifukwa madzi akachuluka pulasitiki uja amatalikirana ndipo penti akauma amafundula. Chofunika kwambiri n'chakuti mitundu yonse ikhale yolimba mofanana. Umodzi ukakhala wamadzimadzi umathamanga n'kumiza inzake. Mukamaliza, siyani makapuwo kwa mphindi 20 kuti thovu likwere n'kuphulika lokha.

Nanga penti wochuluka bwanji? Kathabwa ka masentimita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi kamafuna pafupifupi mamililita 200 a penti wosakaniza kale, mitundu yonse pamodzi. Ndi pang'ono kuchepera pa kapu ya tiyi yodzaza. Tailosi ya masentimita 15 mbali zonse imafuna gawo limodzi mwa magawo anayi a muyezo umenewu, n'chifukwa chake timalangiza kuyambira pa matailosi.

Pomaliza, onetsetsani kuti tebulo lili chilili, losapendekera mbali. Ngati mulibe levulo ya omanga, ikani mbale yodzaza madzi pamwamba pa thabwalo n'kuona ngati madzi akufika mofanana m'mphepete monse. Ikani timapepala pansi pa zitini mpaka ziwongoke. Chithunzi chathu chachiwiri chija chinathera pansi chifukwa tinanyalanyaza mbali imeneyi.

Njira zitatu zothirira

Yoyamba ndi yovundikira kapu, ija tinaona pa foni. Tengani kapu yopanda kanthu n'kumathiramo mitundu yanu pang'onopang'ono, wina pamwamba pa unzake, kuyambira ndi woyera. Musatakase. Ikani thabwa chafufumimba pakamwa pa kapu, gwirani zonse ziwiri n'kutembenuza kuti kapu ikhale yovundikira pakati pa thabwa. Dikirani mphindi imodzi kuti penti atsike, kenako tukulani kapu. Woyera amene anali pansi tsopano wakhala pamwamba, ndipo ayamba kumira. Pendeketsani thabwa pang'onopang'ono kupita ku ngodya imodzi, bwererani pakati, kenako ngodya ina, mpaka ponse padzaze.

Yachiwiri ndi yothira mwachindunji. Thirani kadziwe ka mtundu umodzi pa thabwa, kenako mtundu wina pakati pa kadziweko, kenako winanso, kuti zikhale ngati mphete za mtengo wodula. Pangani madziwe awiri kapena atatu n'kupendeketsa. Njira imeneyi ndi imene agogo aja anayamba nayo, chifukwa kapu iliyonse imakhala yopepuka ndipo palibe chotembenuza. Dzanja likanjenjemera mzere umangokhala wokhotakhota, ndipo kawirikawiri ndi pamene pamakongola.

Yachitatu ndi yokoka. Thirani mitundu m'mizere pa thabwa lonse, ndipo m'mphepete mwa mbali imodzi thiranimo mzere wa penti woyera. Tengani pepala lofewa lonyowa pang'ono kapena kapulasitiki, ligoneke pa woyerayo n'kulikoka mopepuka kudutsa pamwamba pa mitundu inayo kamodzi kokha. Woyera amaphimba zonse kwa kanthawi, kenako timaso timayamba kutumphuka muli kuyang'ana. Ana amaikonda kwambiri njira imeneyi.

Kwa munthu wa dzanja lofooka, khalani awiri. Wina asakanize penti, atembenuze kapu ndiponso agwire mbali imodzi ya thabwa. Koma mwini chithunzi ndi amene asankhe mitundu, athire, ndiponso anene kuti tipendeketsere kuti ndi kuti tilekere pati. Tinaona kuti tikamuchitira zonse wodwala, chithunzicho chimakhala chathu ndipo iye amabwerera pa mpando wake monga kale.

Zolakwa zimene tinapanga

Matope a chithunzi choyamba anabwera chifukwa tinaika mitundu isanu ndi umodzi ndipo tinapendeketsa thabwa mobwerezabwereza. Pali mitundu imene ikasakanikirana imabereka zofiirira ngati dothi: wofiira ndi wobiriwira, wabuluu ndi wa lalanje, wachikasu ndi wapepo. Ngati mukufuna kuigwiritsa ntchito limodzi, ikani woyera pakati pake. Kwa oyamba kumene, wabuluu, wobiriwira ndi woyera sakhumudwitsa. Chimodzimodzinso wofiira, wachikasu ndi woyera. Ndipo phunzirani kulekeza. Penti akangofika m'mbali zonse, ikani thabwa pa zitini n'kuchotsapo manja.

Chithunzi china chinang'ambika ngati dambo la mu Okutobala. Tinasiya penti wochindikala kwambiri pakati, kenako tinachiyanika pa dzuwa kuti chiume msanga. Pamwamba panauma pansi pakadali pamadzi, ndiye chikopa chinakokana n'kusweka. Umitsani chithunzi mumthunzi, m'chipinda mopanda mphepo yamphamvu, ndipo muchivundikire ndi katoni chifukwa cha fumbi, ntchentche ndi mphaka. Musachikhudze kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo nthawi ya mvula chimatenga nthawi yoposerapo. Ngati mukufuna kupakapo vanishi wa madzi kuti chiwale, dikirani masabata atatu kapena anayi. Ngati munaikamo silicone, yambani mwapukuta ndi kansalu konyowa ka sopo pang'ono, apo ayi vanishi sagwira.

Tisamale thanzi la banja

Apa ndi pamene tikupempha kuti muwerenge mofatsa. Chiyeso chachikulu n'chotenga penti wa mafuta, uja wa gulosi wotsala popaka zitseko ndi mawindo, popeza ali kale m'nyumba ndipo mitundu yake ndi yowala. Musatero. Choyamba, penti ameneyu ndi mankhwala omusungunulira amatulutsa mpweya umene umapweteketsa mutu, kuchititsa chizungulire ndi kuvutitsa a chifuwa cha mphumu. Chachiwiri, penti wina wa mafuta amakhala ndi mtovu, makamaka wachikasu ndi wofiira. Zaka zingapo zapitazi bungwe la LEEP linapeza mtovu wambiri mu penti wina wa mafuta wogulitsidwa m'dziko muno, ndipo a Malawi Bureau of Standards analimbikitsa ntchito yoletsa zimenezi. Komabe zitini zakale zikadali m'nyumba zathu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene ungatchedwe wosavulaza. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo mayi woyembekezera angaupatsire kwa mwana wosabadwa. Choncho gwiritsani ntchito penti wosungunuka ndi madzi yekha.

Ngakhale pa penti wa acrylic, werengani chubu. Mitundu ina ya akatswiri imapangidwa ndi cadmium kapena cobalt, ndipo imeneyi si ya pa tebulo limene pali ana. Valani magolovesi, tsegulani mawindo kapena gwirirani ntchito pakhonde, ndipo musadye kapena kumwa muli pa ntchitoyi. Kapu kapena sipuni imene yalowa penti isabwererenso kukhitchini. Tailosi yothira penti si mbale yoikapo chakudya. Penti akagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15, ndipo ngati likupitiriza kuwawa pitani kuchipatala.

M'makanema mudzaona anthu akudutsitsa moto wa gasi pamwamba pa penti kuti thovu liphulike. M'nyumba ya ana, okalamba ndi mapepala a pulasitiki, moto umenewu sitikuulimbikitsa. Kamtengo kotokosera m'mano kapena munga umaphulitsa thovu bwinobwino.

Kumbukiraninso kuti penti ameneyu ndi pulasitiki. Madzi otsukira makapu musawataye pafupi ndi chitsime, mjigo, mtsinje kapena m'dimba la ndiwo. Njira yabwino n'kusiya makapuwo kuti aume, kenako n'kusenda chikopa cha penti ngati khungu la mbatata. Zotsalazo musaziwotche. Penti wodonthera pa pepala la pulasitiki lija akauma amasendeka bwino, ndipo zidutswa zokongola mungazidule n'kuzimata pa makadi a moni kapena pa timapepala toika pakati pa buku.

Kodi zimathandizadi?

Mu 1942, wojambula wa ku Britain dzina lake Adrian Hill anayamba kugwiritsa ntchito mawu akuti art therapy, kutanthauza kuthandiza odwala kudzera m'zojambula. Iye mwini anadwala TB ndipo anagona nthawi yaitali m'chipatala, kumene anaona kuti kujambula kunkamuchotsa maganizo pa matenda, ndipo anayamba kuphunzitsa odwala anzake. Mu 2016, ofufuza a pa Drexel University ku America, motsogoleredwa ndi Girija Kaimal, anapatsa anthu 39 zipangizo kuti apange chilichonse chimene akufuna kwa mphindi 45. Mwa anthu atatu pa anayi alionse, cortisol, amene thupi limatulutsa munthu akapanikizika maganizo, anatsika, ndipo zinalibe kanthu kuti munthuyo anajambulapo kale kapena ayi. Anthuwo anali ochepa, koma mu 2019 ofesi ya WHO ya ku Ulaya inaunika zolembedwa zoposa 900 n'kupeza kuti zaluso zimathandiza popewa matenda ndiponso posamalira odwala.

Tinene mosabisa: kuthira penti si mankhwala a sitiroko, ndipo sikulowa m'malo mwa mapiritsi a BP kapena masewera amene achipatala anapereka. Komanso munthu pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amene anadwala sitiroko amadwalanso matenda a kukhumudwa. Ngati wodwala wanu wasiya kudya, sakugona, amangolira kapena akunena kuti kuli bwino kufa, musamupatse kapu ya penti n'kuganiza kuti mwathana nazo. Pitani naye kuchipatala. Chimene luso limeneli limapereka ndi chifukwa chodzukira pa mpando, ola limodzi logwira ntchito limodzi ndi adzukulu, ndi kanthu kogwirika koti munthu anene kuti ichi ndapanga ndine.

Chithunzi chachisanu cha agogo aja chinali cha buluu, woyera ndi wachikasu pang'ono. Mdzukulu wawo anati chikuoneka ngati nyanja m'mawa. Mlamu wawo anati ayi, ndi mitambo ya mvula yoyamba. Iwo anangoti, "Onani zimene mukuona, ine ndimafuna buluu achuluke, ndipo wachuluka." Chili pa khoma la pabalaza, pamwamba pa mpando wa doyilo yoyera. Dzanja likunjenjemerabe. Koma Lamlungu lapitali titafika tinapeza atsikana atatu a mzerewo ali pakhonde ndi makapu awo, agogo atatukula kamtengo ndi dzanja lamanzere, akuyang'ana mmene penti akutsikira. "Uyu walimba, mwanawe," anauza mmodzi. "Theka la sipuni, osapitirira."

Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene tsiku likumutalikira, pezani tailosi imodzi, mitundu iwiri ndi woyera, ndi kabotolo ka guluu. Yalani pulasitiki, wongolani tebulo, sakanizani penti mofatsa, kenako mupatseni kapu iyeyo. Chithunzi choyamba chikatuluka matope, chisiyeni chiume, pakanipo woyera, ndipo muthirenso sabata yamawa.